Diresing'i ya Libuyu

Libuyu, Livingstone
5 Meyi 2025

Okondedwa ba Lubasi,

Kuno kwacha kozizira. Utsi wa ku Mosi-oa-Tunya waima kumwera ngati mtambo woiwala kupita, ndipo mphepo ikatembenuka, mkokomo wa madzi ukufika mpaka pakhonde pathu. Tindege ta alendo tija tayamba kale kulira m'mwamba. Chimene sichikumveka ndi makina osokera a amayi. Lero sanawavundukule n'komwe.

Muli bwanji ku Kabwe? Lipenga akupatsani, kapena mukadali kuthamanga ndi chikwama kumsana? Popeza mafoni anakulandani mpaka mutamaliza maphunziro a usilikali, ndalemba kalata. Ba ankolo Mudenda, aneba athu, aisiya pageti lanu akamadutsa ndi thiraki kupita kumalire a Congo.

Ba Lubasi, tadutsa! Loweruka kunali ndime yoyamba ya mpikisano wa magulu a ng'oma ndi malipenga, ndipo gulu lathu la kutchalitchi lalowa m'ndime yomaliza ya mu Julaye. Odutsa ndife atatu: Dambwa, Mukuni ndi ife.

Majaji anachokera ku Choma. Wina anakhala chotifulatira, kumvetsera malipenga okha. Wina, mayi wa magalasi, ankatsata ng'oma, phazi lake likugunda pansi. Wachitatu anali mdala wamfupi wa kandodo. Ameneyu ankalowa pakati pathu tikuguba, kusuzumira uku ndi uku, moti ndinatsala pang'ono kumugogoda ndi kamtengo ka ng'oma.

Ndinaonerera magulu onse bwinobwino, monga mudziwa khalidwe langa. A Mukuni ng'oma zawo ndi moto. Amaponya timitengo m'mwamba n'kutiwakha, anthu n'kumakuwa. Koma malipenga awo amathamanga ngati asiya mphika pamoto, ng'oma n'kumatsalira m'mbuyo. A Dambwa ukangowaona ukhoza kuwaderera: malaya osuluka, nsapato aliyense zake, saimbanso mokweza. Koma akamatembenuka, amatembenuka ngati chitseko chimodzi. Sindidziwa chifukwa chake, koma thupi linandichita tsemwe. Ife malipenga athu anakoma kuposa onse. Titaimba nyimbo ija munatiphunzitsa inu, jaji wofulatira uja anatembenuka kuti atione nkhope.

Tsono vuto ndi ili. Polengeza, mdala wa kandodo anatenga maikolofoni nati: "Ba Libuyu, malipenga yanu ni yabwino maningi. Ng'oma zili chabe bwino. Koma diresing'i yanu ni yoipa. Mukabwera nayo so mu Julaye, muzabwelera chimanjamanja."

Bwalo lonse linatembenukira kwa amayi. Ku Libuyu palibe amene sadziwa yemwe anasoka majekete athu ofiira aja a mabatani onyezimira. Mzimayi wina amene anakhala kumbuyo kwawo anati, "Ba telala ni aba? Basoke chabe makatani." Amayi anapinda chitenje chimene anakhalira n'kunyamuka, osadikira n'komwe kuti amve kuti tadutsa.

Tsopano aliyense wasanduka katswiri wa zovala. Mphunzitsi wa gulu lathu ba Cheelo akuti mwina mabatani anathobwa majaji m'maso. Azimayi a kwaya akuti mabuluku afupika. Wogulitsa makala pakona akuti mtundu wofiira ndi wa tsoka.

Inu mukuona bwanji? Ndipo mu Julaye mubweradi? Amayi analemba kale dzina lanu pakalendala, pa tsiku la mpikisano. Ine ndikadali kumzere wakumbuyo ndi ng'oma yanga yaing'ono, kumene palibe amandiona. Kumeneko ndi kumene ndimaimba bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Inambao

Kabwe
10 Meyi 2025

Iwe mfana Inambao,

Ndili bwino, chabe miyendo. Ndikulembera pabondo, ba ankolo akuliza hutala pageti, akuti akuthamangira kumeneko. Lipenga anatipatsa, lonyezimira moti ndimadzionera nkhope pometa. Amayi ali bwanji? Msana uja unasiya?

Mwachita bwino kudutsa. Koma jaji uja sananame. Diresing'i ya Libuyu ndi yoipa kuyambira kale, ngakhale nthawi imene ndinali komweko, kungoti tinalibe wotiuza. Kuno ndiye maso anga atseguka. Ndikakumbukira mmene tinkaonekera tikamaguba mu msewu wa Mosi-oa-Tunya, manyazi amandigwira. Zokhotakhota, kwina kutuluka, kwina kulowa. Kuno utaoneka choncho akugudubuza m'matope. Uwauze ba Cheelo ayambirenso zonse, asamve chisoni.

Mu Julaye ndikubwera, tchuthi atilonjeza. Uwapemphe amayi anditumizire mtedza wokazinga ndi mafuta odzola, milomo yang'ambika ndi chisanu, poliza lipenga ndikumva kuwawa.

Mkulu wako,
Lubasi

Libuyu
14 Meyi 2025

Lubasi,

Moni. Ife tili moyo. Msana usakudetse nkhawa, unazolowera kupindika.

Kalata yako Inambao ankandiwerengera ndikupeta mpunga. Atafika pakati anayamba kutsokomola, ndiye ndinamulanda n'kumaliza ndekha.

Kani manyazi ankakugwira. Zaka zonse zija unkavala jekete ya manja anga, chifuwa chili patsogolo, anali manyazi? Pa chithunzi chili pakhoma pano ukumwetulira mano onse ali panja. Ndachiyang'ana lero, ndikufunafuna pamene pali manyazipo.

Jaji wa ku Choma sandidziwa, angalankhule. Mkazi wa pabwalo uja angalankhule, pakamwa ndi pake. Koma iwe ndinayamba kukuyeza ndi tepi usanamere dzino. Bambo ako atamwalira, makina awa ndiwo anakudyetsa, ndiwo anakuphunzitsa sukulu mpaka wafika kumene maso ako atsegukako. Sindinamvepo kasitomala akunena kuti msoko wanga ndi wokhota. Ndamva kwa mwana wanga woyamba.

Majekete onse ndawatolera kwa ana. Ndikumasula ulusi, ndiyambirenso zonse osamva chisoni, monga mwalamula, bwana msilikali.

Za Julaye usavutike. Sindifuna kuti udzachite manyazi pamaso pa anthu. Ukafuna kuona mng'ono wako akuimba, ukagone kwa ba Mudenda, kumene makatani anagula kusitolo.

Mtedza ndatumiza chifukwa ndinali nditakazinga kale. Mafuta ali momwemo.

Amako

Libuyu, Livingstone
8 Juni 2025

Okondedwa ba Lubasi,

Muli bwanji? Bwanji mwakhala chete? Ba ankolo Mudenda chipitireni ndi kalata ya amayi sanabwerere. Akazi awo akuti thiraki ili pamzere kumalire a Kasumbalesa, mapepala a katundu avuta. Kalata iyi ndiisiya pakabati pawo monga mwa nthawi zonse, inyamuke akangofika.

M'nyumba muno simungamudziwe. Paliponse pali zidutswa zofiira: mikono pampando, makolala pawailesi, mabatani m'mbale. Bedi lanu lasanduka tebulo lodulira nsalu. Amayi dzina lanu satchula, amangoti "msilikali uja". Pakalendala anamatapo kansalu.

Koma tamverani zimene ndapeza.

Lachitatu nditaweruka kusukulu ndinapita ku Dambwa, kumene gulu lawo limaphunzirira. Ndinafuna kudziwa chifukwa chake anthu a malaya osuluka sanadzudzulidwe pa diresing'i, koma ife. Ndinakhala pampanda ngati wongodutsa. Wotsogolera wawo, amene amanyamula ndodo yaitali, ndi Lungowe wa m'kalasi mwathu, mtsikana amene sindinalankhulepo naye. Anawaimika m'mizere, kenaka anakuwa: "Raiti diresi!"

Ine ndinadikira kuti ndione amene akonze kolala kapena lamba. Palibe. Onse anatembenuzira mitu kudzanja lamanja, kutambasula mkono mpaka paphewa la mnzawo, n'kuyamba kusunthasuntha mapazi, fumbi kobo. Ataima, mzere unali ngati walembedwa ndi rula. Anaguba pang'ono, Lungowe n'kukuwanso chimodzimodzi, iwo n'kuchitanso zomwezo.

Ndinatsika pampanda osadziwa kuti ndatsika. Lungowe anandiona.

"Iwe ka Libuyu, wabwera kuba nyimbo?"

"Awe," ndinatero. "Ija diresi ukamba, ni chani?"

"Ni kuwongola laini, iwe. Mzere. Uyang'ana wa kulamanja, walingana naye. Manje imwe mwenzo ganiza chani?"

Ndinamuuza. Ba Lubasi, mtsikana uja anaseka mpaka ndodo kugwa, iye n'kukhala pansi m'fumbi. "Mwamasula majekete yonse? Yaja yamene ise tenzo khumbira?" Atapuma anati, "Yenda ukabauze. Olo mudziwe, tizakuwinani chabe."

Ndinathamanga mpaka kushopu ya ba Cheelo. Ndinawapeza akupala thabwa. Nditafotokoza anaika chopalira pansi, n'kugwira mutu ndi manja awiri, n'kuyamba kuseka. "Ine kalipentala," anatero, "tsiku lonse niwongola mapulanga, koma bana banga baguba monga njoka, sininaone." Paja iwo nyimbo anaphunzira ndi khutu m'tchalitchi, mawu a pabwalo la asilikali akanawamva kuti? Inunso mwawamva ku Kabwe. Ndawerenganso kalata yanu: kwina kutuluka, kwina kulowa. Munkanena mizere.

Tayamba kale. Ba Cheelo amamanga chingwe pazikhomo, ife n'kuima motsatira. Koma akuti pamafunika munthu mmodzi kumapeto a mzere woyamba, kudzanja lamanja, amene onse aziyang'ana kuti alingane naye. Iye akasuntha, gulu lonse lakhota. Anayang'ana uku ndi uku n'kuloza ine. "Iwe Inambao, suseka, sukamba, sugwedezeka. Ndiwe mzati. Bwera kutsogolo."

Ndinakana, koma sanamve. Tsopano madzulo aliwonse maso a anthu onse amakhala pa khutu langa lakumanzere. Limatentha ngati laikidwa pambaula. Tsiku loyamba timitengo tinandipulumuka. Dzulo sitinandipulumuke.

Amayi okha ndiwo sakhulupirira. Nditawauza, sanadzutse mutu pamakina. Anati, "Wapeka bwino. Magazi ndi magazi, ukuteteza mkulu wako. Akanakhala kuti ankanena mizere, bwanji sanayankhe kalata yanga?"

Chonde lembani. Mawu awiri okha akwanira. Ine kuima kutsogolo ndiima, koma ndikufuna kuti mudzandione ndili pamenepo, ndipo madzulo ake mudzagone kwathu.

Mng'ono wanu,
Inambao

Libuyu
22 Juni 2025

Lubasi mwana wanga,

Uli bwanji? Milomo inapola? Mafuta aja uzidzola usanalize lipenga, osati utamaliza.

Lachisanu ndinapita kubwalo la kutchalitchi kukayesa ana majekete. Ndinawapeza ali pa chingwe cha ba Cheelo. Ndinaima chakumbali, mapini ali kukamwa, kudikira kuti amalize. Poyang'ana kuchokera pamenepo, monga ndimayang'anira mpendero wa siketi, ndinaona. Wachitatu mimba kunja. Wachisanu wamira m'kati. Akangoyamba kuyenda n'kusiya chingwe, mzere umasanduka msoko wa munthu woledzera.

Ndinalavula mapini. Ndinauza ba Cheelo kuti chingwe sichiyenda ndi ana pa tsiku la mpikisano. Ndinatenga tepi ndi choko, kuyeza mpata wa phewa ndi phewa, n'kuwaimika mmodzimmodzi. Tsopano ndikupita madzulo aliwonse. Pa majekete atsopano ndasokera kansalu koyera paphewa, kuti mwana akaponya diso kumanja aone ngati mzere woyerawo wathyoka. Anawo akuti ndine wovuta kuposa jaji wa ku Choma.

Mng'ono wako ukamuona udzadabwa. Amaima kutsogolo ngati mtengo wa magetsi. Mwana amene amathawira kuchipinda kukabwera alendo.

Chizungu chimenechi n'chaulesi. Mawu amodzi kutanthauza zovala, omwewonso kutanthauza mzere, ngati mawu anawathera. Nawenso ukamalemba kalata uzimaliza zimene ukunena, osalembera pabondo ngati wakuba.

Pabedi pako ndachotsapo nsalu. Kwa ba Mudenda kulibe malo, kwabwera alamu awo. Ubwere.

Kalata iyi ndasiya kwa akazi a ba Mudenda. Akuti thiraki ifika sabata ino. Sabata yatha ananenanso choncho.

Amako

Libuyu, Livingstone
7 Julaye 2025

Okondedwa ba ankolo Mudenda,

Muli bwanji kumalireko? Ba anti akuti mwayamba kulankhula Chiswahili. Kalata iyi muipeza pakabati panu, pamene makalata athu awiri opita kwa ba Lubasi anakhala mpaka dzana. Munandiuza kuti ndidzakusimbireni za mpikisano, ndiye nazi.

Loweruka bwalo linadzaza. A ku Mukuni anabwera pamalole, akuimba kuchokera kunjira. Majaji anali omwe aja. Amayi anakhala kutsogolo, tepi ili m'khosi, koma maso awo anali kugeti. Sitinadziwe ngati ba Lubasi abwera, chifukwa chomaliza chimene analandira kuchokera kwathu chinali kalata yowauza kuti asavutike.

Anayamba a Mukuni. Malipenga awo anali ataphunzira kudikira ng'oma, ndipo ng'omazo zinagwedeza m'mimba mwa aliyense. Koma mnyamata wina anaponya kamtengo m'mwamba n'kulephera kukawakha, ndipo powerama kuti atole, wakumbuyo anamugunda. Mayi wa magalasi analemba. Kenaka a Dambwa. Ndinafunafuna cholakwa, ankolo, ndi mtima wanga wonse, koma sindinachipeze. Lungowe podutsa pafupi nane anati, "Mzati, usagwe."

Titalowa ife, ndinaima pamalo anga. Ba Cheelo anakuwa mawu aja, mitu yonse n'kutembenukira kwa ine. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana kutsogolo basi. Ndipo kutsogoloko, kuseri kwa anthu a ku Dambwa, ndinaona munthu wometa mpala, chikwama chili paphewa, atabisala theka kuseri kwa mtengo. Ba Lubasi.

Miyendo inafuna kuthamanga. Pakamwa panafuna kuitana amayi. Koma gulu lonse linali kulingana ndi phewa langa, ndipo mdala wa kandodo anali atafika kale pambali panga. Ananjuta, kutsinzina diso limodzi, kuyang'ana mzere woyera wa pamapewa mpaka kumapeto. Mdala anati "Eh-eh" chapansipansi, n'kupita kumzere wachiwiri kukanjutanso.

Tinaguba, ankolo. Ndinamva mapazi onse akugwa ngati phazi limodzi, ndipo malipenga atalowa, azimayi a ku Libuyu anayamba nthungululu. Potembenuka koyamba tinali chitseko. Potembenuka komaliza mzere wachitatu unapindika pang'ono. Sindinauone, koma ndinaumva m'mapazi.

Chikho chachikulu chinapita ku Dambwa. Ife tinakhala achiwiri, a Mukuni achitatu koma anapatsidwa mphoto ya ng'oma. Mkangano unabuka pomwepo. A Mukuni akuti majaji ndi ogontha, a kwathu akuti a Dambwa amaimba ngati ali pamaliro. Ine ndikuona kuti majaji anaweruza bwino, koma izi musawauze ba Cheelo.

Mdala wa kandodo atatenga maikolofoni anati, "Ba Libuyu, iyi ndiye diresing'i manje. Anakuphunzitsani ni ndani?" Ana onse analoza amayi. Mdala anawavulira chipewa. Kenaka anawonjeza, "Koma majekete mwasintha chifukwa chani? Yaja yakudala yenze bwino." Mbali yonse ya Libuyu inagwa ndi phwete, mdala osadziwa chimene wanena. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Atatimasula ndinapita kwa amayi n'kuloza kumtengo kuja ndi kamtengo ka ng'oma. Ananyamuka, kudutsa pakati pa bwalo osathamanga, ine ndili pambuyo. Ba Lubasi anatsitsa chikwama n'kuima mowongoka ngati aona mkulu wawo wa asilikali.

"Amayi, kalata yanga munalandira? Ndinayankha tsiku lomwelo, pageti. Ndinkanena mizere."

"Sinafike," anatero amayi. "Athunso awiri omaliza sanapite."

"Ndinafuna kukagona kwa ba Mudenda, monga munanena."

Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuzungulira kumbuyo, n'kugwira mwendo wa buluku lawo ndi zala ziwiri.

"Ili wagula kuti?"

"Ku Kabwe, pamsika."

"Likusesa msewu. Diresing'i yako ni yoipa, msilikali. Tiye kunyumba ndikalipinde."

Makalata awiri aja ba anti atibwezera. Ba Lubasi awawerenga pakhonde atavala kabudula wanga, makina akulira m'nyumba. Yankho lawo lija likadali m'thiraki mwanu. Musalithamangire, mwini wake wafika kale.

Loweruka tinabwerera ku Libuyu wapansi. Chikho chaching'ono chinapita kutchalitchi ndi ba Cheelo. Kunyumba tinafika atatu: amayi, ba Lubasi atanyamula ng'oma yanga, ndi ine nditanyamula chikwama chawo. Ba Lubasi agona pabedi lawo mpaka Lamlungu. Amene simunabwere ndi inu nokha.

Ndine mwana wanu,
Inambao